Maiki Yomwe a Mami Analowa Nayo M'chipinda

Mutu 6

1. Makatoni

Zida zatsopano zinafika mkati mwa sabata, pa lole ya munthu wonyamula simenti. Makatoni anali mbuu ndi fumbi. Malume ake a Kafupi anawapukuta okha ndi shati yakale. Sanalole munthu wina kukhudza.

Ntchito ya malumewo inali ya mawu. Ankabwereketsa masipika ndi mamaiki kwa oimba, ku maukwati ndi ku misonkhano. Kuseri kwa nyumba anali ndi kachipinda kojambuliramo nyimbo, makoma ake omata matiresi. Kafupi anakulira m'menemo. Anayamba ndi kukulunga nthambo. Kenako kusintha mabatire. Tsopano anali atamaliza sekondale, ndipo maso ake onse anali pa mikisa, tebulo la mabatani limene mawu onse amadutsapo asanafike ku masipika.

Dzina la Kafupi analitengera pa mikisa pomwepo. Ali mtsikana wamng'ono ankaima pa kileti ya zakumwa kuti aone mabatani akumtunda. Msinkhu unabwerako pang'ono. Dzina linakana kuchoka.

Mikisa yakale inkanyamulidwa ndi amuna anayi, onse akutukwana. Yatsopanoyi malume anaitulutsa m'katoni ndi manja awiri basi. Inali ndi galasi lowala ngati la foni. M'mbali mwake munali kampata kolowetsamo kakhadi kochepa ngati chikhadabo.

"Kameneka kamajambula maiki iliyonse payokhapayokha," anatero malume. "Ng'oma pazokha, gitala payekha, woimba payekha. Tikabwera kuno tikusakaniza mwakachetechete. Situdiyo ikutitsatira ku holo."

Wailesi, mwana wawo wachisamba, anasuzumira. Iyeyu ntchito yake inali kunyamula masipika, koma mbiri yake inali pakamwa. Pa foni anali ndi tsamba lake lomwe ankaikapo nkhani za oimba: wakwatira ndani, wathawidwa ndi ndani.

"Ababa, imeneyi ndi mikisa kapena thileyi ya tiyi?"

"Iwe tulutsa makatoni panja. Pakamwa papumeko."

"Msuweni, wapulumuka," anatero Wailesi akuloza Kafupi ndi chibwano. "Agula ya msinkhu wako. Kileti ija tibweze kwa eni ake."

Kafupi anali atatsegula kale buku la malangizo.

2. Chenjezo la malume

Katoni yomaliza inali ndi mamaiki opanda nthambo. Imodzi inali yovala kumutu, yopyapyala ngati udzu, yopindikira pafupi ndi mlomo. Inali ndi kabokosi kake kokoleka m'chiuno. Malume anaiika pa chikhatho. Anauza onse awiri kuti akhale pansi.

"Mverani, chifukwa sindibwereza mu holo anthu ali pomwepo. Maiki ya nthambo ili ngati galu womangirira. Imafika pomwe chingwe chathera. Munthu akamaliza kuimba amaisiya pa ndodo yake n'kumapita, ndipo nkhani zake amapita nazo. Iyi ndi ina. Iyi munthu amavala. Pakapita kanthawi amaiwala kuti wavala kanthu. Amapita nayo kuchimbudzi. Amayankha nayo foni. Amakalipira nayo mwamuna wake. Ife kuno timakhala ngati taika khutu m'thumba mwake, mwiniwake osadziwa."

Anaika maiki ija pa tebulo.

"Ndinaona ndi maso angawa pa msonkhano wina. Bambo wolemekezeka anamaliza kulankhula, anthu anawomba m'manja, iye n'kutsika. Atafika kuseri anayamba kunena anzake amene anakhala nawo kutsogolo. Mmodzimmodzi, ndi mayina omwe. Holo yonse inamva. Mnyamata amene anali pa mikisa tsiku limenelo anali katswiri kuposa ine. Lero palibe amamuitana. Sanabe kanthu. Sanamenye munthu. Anangochedwa ndi chala."

"Ndiye lamulo loyamba ndi ili. Munthu akatsika pa nsanja, tseka maiki yake. Usadikire kuti akuuze. Lachiwiri, mahedifoni ndi ofufuzira phokoso, si omvera nkhani za anthu. Ukamva zosakukhudza, vula. Lachitatu, chimene chalowa m'khutu mwangozi chimafera momwemo. Anthu amatiitana kuti tikweze mawu amene iwo akufuna kuti amveke. Mawu enawo si athu. Mwandimva?"

"Tamva, malume," anatero Kafupi.

"Nanga akakhala kuti akunena za ine?" anafunsa Wailesi.

"Za iwe anthu amanena uli pomwepo. Safuna maiki."

3. Mu holo

Loweruka masana zidazo zinakagwira ntchito yake yoyamba. Holo inali yaikulu, yofolera ndi malata, mipando ya pulasitiki itasanjidwa mpaka kukhomo. Madzulo ake kunali phwando la nyimbo la mayi wina wotchuka kwambiri, amene gulu lake lonse linkangomutcha a Mami. Anafuna kuti phwando lonse lijambulidwe, lituluke ngati chimbale. N'chifukwa chake anasankha malume ndi mikisa yawo yatsopano.

Atayatsa zida, sipika imodzi yaikulu inayamba kulira ngati njuchi. Malume anaigogoda, anasintha nthambo, anaigogodanso. Sinasinthe.

"Ndikatenge ina kunyumba," anatero. "Kafupi, khala apa. Yesa mawu a aliyense. Ujambulenso nyimbo zingapo, tione ngati khadi likugwira."

Aka kanali koyamba kumusiyira mikisa pa ntchito yaikulu. Kafupi anapukuta manja m'siketi n'kukhala pa mpando.

A Mami anafika akuseka asanalowe n'komwe. Anali mayi wathupi, wa ndolo zazikulu, ndipo aliyense ankamutcha mwanawe, ngakhale mlonda wa imvi pa geti. Kafupi anawaveka kamaiki kaja kumutu, kabokosi n'kukakoleka kumbuyo pa lamba.

"Basi? Kameneka kandikwana ine?" anafunsa a Mami. "Mwanawe, ine ndinathyolapo mamaiki a zitsulo."

"Kakukwanani, Mami. Tangoyesani."

Anayesa. Mawu anadzaza holo, oyera ngati munthu akuimbira pakhutu pako. Anyamata oimba zida anayang'anana. Wa ng'oma anagwedeza mutu. Kafupi anadina batani lojambulira, kadontho kofiira n'kuyaka pa galasi.

Nyimbo yoyamba inayenda bwino. Yachiwiri inali ija anthu ankaikonda kwambiri, yokwera pamwamba chakumapeto. Atafika pokwerapo, mawu a Mami anasweka. Anatsokomola. Anayesanso, anaswekanso.

"Fumbi la mu holo muno," anatero akuseka. "Anyamata, pitirizani. Ndikamweko madzi."

Anatsika pa nsanja n'kulowa m'kachipinda kovalira kuseri. Mchimwene wawo wamng'ono, amene ankaimba kiyibodi, anawatsatira.

Chala cha Kafupi sichinachedwe. Anadina batani lotsekera maiki ya Mami. Linayaka. M'masipika munangotsala ng'oma ndi magitala. Kujambula sanaimitse, poti anyamata aja anali akuimbabe.

Apa ndi pamene panali msampha. Pa mikisa yakale, chotseka chinali chotseka. Pa yatsopanoyi, batani lija linkangotseka njira yopita ku masipika. Khadi linkatenga mawu asanafike pa batanipo. Zimenezi zinali m'buku la malangizo, pa tsamba limene Kafupi anali asanafikepo.

Patapita kanthawi anaona kuti pa galasi, kamzere kobiriwira ka maiki ya Mami kakuvinabe. Pa nsanja panalibe Mami. Anaganiza kuti ndi phokoso la batire lofooka. Anavala mahedifoni, n'kudina batani lomvetsera maiki imeneyo yokha.

Silinali phokoso.

"Achemwali, musandizungulire," anali mawu a wa kiyibodi. "Adokotala ananena kuti chiyani?"

"Akuti pakhosi pamera kanthu. Kakufunika opaleshoni."

"Akachotsa?"

"Mawu akhoza kubwerera. Akhozanso osabwerera."

"Ndiye lero mukuimbiranji?"

"Chifukwa mwina lero ndi lomaliza. Ndikufuna litsale pa chimbale. Usauze anyamata. Amayi usawauze n'komwe, mtima wawo ukuudziwa."

Kenako kunamveka kulira kwa munthu wamkulu amene akuyesa kuti asamveke.

Kafupi anavula mahedifoni. Anachedwa, ndipo anadziwa kuti wachedwa.

4. Msuweni

Wailesi anali atatsamira pa bokosi la nthambo, akudya mtedza. Anaona nkhope ya Kafupi. Kafupi asanaganize n'komwe, Wailesi anatsomphola mahedifoni aja n'kuika khutu limodzi. Kafupi anazula nthambo yake pa mikisa.

"Akulira ndani?" anafunsa Wailesi motsitsa mawu. "Si a Mami amenewo?"

"Si zako."

"Ndamva kulira, msuweni. Munthu salira chifukwa cha fumbi."

Maso ake anayenda pa galasi. Anaona kamzere kobiriwira kaja. Anaona kadontho kofiira. Wailesi sankawerenga mabuku a malangizo, koma pa zinthu ngati izi mutu wake unkathamanga.

"Zikulowa mu khadi," anatero pang'onopang'ono. "Watseka ku masipika, koma khadi likumwa."

Kafupi anayang'ana. Zinali zoona. Anadina batani, kadontho kofiira kanazima.

"Bwereka khadilo," anatero Wailesi. "Ndilowetse mu foni, ndikubwezera pompano. Ababa asanafike."

"Ayi."

"Sukudziwa chimene wagwira. Ine tsamba langa anthu amaliwerenga akasowa chochita. Ndikaika mawu a Mami akulira, mawa m'mawa palibe amene sadziwa Wailesi. Iwenso ndikutchula. Kapena sindikutchula, usankhe wekha."

"Malume anati chiyani tsiku lija?"

"Ababa amanena zambiri. Amanenanso kuti ndidzakhala munthu." Anaseka, kenako anasiya. "Tamvera. Ngati ali pa mavuto, anthu akadziwa awathandiza. Ukuwachitira zabwino."

"Akanafuna anthu adziwe, akananena pa nsanja. Maiki anali nayo."

Wailesi anataya makoko a mtedza pansi. Mawu ake anasintha.

"Chabwino. Ndiye ganiza za iwe. Wajambula munthu ali m'chipinda chovalira, tsiku lako loyamba. Ababa akamva, mikisa iyi udzaionera pa zithunzi. Ubwerera kokulunga nthambo mpaka imvi. Ine ndikhoza kukhala chete. Koma chete wanga ali mu khadilo."

Kafupi anayang'ana pa galasi. Kamzere kaja kanali kakuvinabe. A Mami anali akulankhulabe, maiki ili pakamwa, osadziwa. Aliyense wofika pa mikisa akanatha kumva.

Anakankha kakhadi kaja ndi chala, kanatumphuka. Anakafumbata. Mahedifoni anamulanda Wailesi n'kuwakoleka m'khosi mwake, nthambo n'kuikulunga kudzanja.

"Ukupita kuti?"

"Kukawauza."

"Kuwauza eni ake? Wapenga iwe? Fufuta basi, ngati ukuopa. Ndani adziwe?"

"Ine ndikudziwa. Iwenso wamva theka. Ndipo a Mami maiki akadali nayo."

"Atichotsa ntchito tonse," anatero Wailesi. "Ndi Ababa omwe. Zida zatsopano, ntchito yoyamba. Ukatero usadzanditchulenso msuweni."

Kafupi anadutsa pakati pa mipando. Wa ng'oma anamukodola kuti amukwezere mawu. Iye anangokweza dzanja kuti adikire.

5. Kuseri kwa nsanja

Kachipindako kanali ndi galasi losweka pakona, mpando umodzi, ndi madiresi opachika pa msomali. Kafupi anagogoda. Wa kiyibodi anatsegula pang'ono.

"Tili pa nkhani. Bwera nthawi ina."

"Pepani, achimwene. Ndi za maiki. Sizingadikire."

"Mulowetse," anatero a Mami ali mkati. Anali atapukuta kale m'maso. Kumwetulira kunali kutabwerera pamalo pake. "Watani, mwanawe? Kamaiki kako ndakathyola?"

Kafupi anagwada pambali pa mpando. "Mami, ndiloleni ndizimitse kabokosi kali kumbuyoko. Kakadali koyaka."

Kumwetulira kuja kunachoka. A Mami anatembenuka pang'onopang'ono. Kafupi anazimitsa.

"Holo yamva?" anafunsa wa kiyibodi.

"Ayi. Ku masipika ndinatseka mutangotsika. Koma ine ndinaona ngati pali phokoso, ndinavala mahedifoni. Ndamva za adokotala. Ndipo makinawo anali akujambula. Sindinadziwe kuti amajambula ngakhale maiki ili yotseka. Zonse zili umu."

Anatambasula dzanja. Kakhadi kanali konyowa ndi thukuta.

"Wina amene wamva?" anafunsa a Mami.

"Msuweni wanga, wonyamula masipika uja. Wamva kulira kokha. Mawu sanamve."

"Uja wa tsamba la miseche?" Wa kiyibodi anamenya khoma ndi chikhatho. "Achemwali, ndinakuuzani kuti titenge anthu aja a kale. Awa angogula zida, sadziwa n'komwe mmene zimagwirira ntchito. Ndiimbe foni pompano. Nthawi ilipo. Awa apakire azipita."

A Mami anatenga kakhadi kaja, anakayang'ana mbali zonse.

"Kanthu kochepa chonchi," anatero. Kenako anayang'ana Kafupi. "Dzuka, mwanawe. Pansipo pali fumbi."

Kafupi anadzuka.

"Ndikuuze kanthu, poti ukuoneka kuti ntchitoyi ukhalitsa nayo. Ine ndaimba zaka zambiri. Ndadutsa m'manja mwa anthu a pa mikisa osawerengeka. Onse amamva zinthu. Amamva tikamakangana, tikamasiyana ndi amuna, tikamanama pa foni kuti tili m'njira. Ena amakhala chete, koma ukakumana nawo umaona m'maso mwawo kuti akukudziwa. Ena amakagulitsa. Amene anabwera kudzagogoda n'kunena kuti mayi, ndamva, sindinamuonepo. Walakwitsa, inde. Chida usanachidziwe bwino, sumuveka munthu. Ukawerenge buku lako lonse, mpaka tsamba lomaliza, chifukwa tsiku lina udzaveka munthu wopanda chifundo. Koma kulakwitsa n'kwina, kuba n'kwina. Iwe sunabe."

"Zikomo, Mami."

"Usathokoze msanga." Anatsokomola, anagwira pakhosi, anadikira kuti kupite. "Msuweni wakoyo ndithana naye ndekha. Amayi ake ndinaphunzira nawo. Koma iwe, poti wadziwa, wadziwa. Tseka chitseko."

Wa kiyibodi anatseka, n'kutsamira pomwepo.

"Nyimbo ija wamva mmene yandikanira," anatero a Mami. "Madzulo ano indikaniranso. Anthu onse abwerera imeneyo. Ndikasweka pamaso pawo, sipafunikanso khadi kapena tsamba la msuweni wako. Aliyense adziwa yekha, ndipo amayi anga akhala pa mzere woyamba."

Anatsegula chikwama, anatulutsa foni.

"Umu muli mawu anga a nyimbo yomweyo, amene ndinajambula ku situdiyo pakhosi pali bwino. Mawu okhaokha, opanda zida. Makina anuwo angathe kuwaimba nthawi imodzi ndi anyamatawa?"

Kafupi anayang'ana foni ija. "Angathe."

"Ndiye tikafika pokwera paja, utsitse maiki yanga, ukweze amenewa. Ine ndizingoyendetsa milomo. Tikadutsa, undibwezere. Palibe angadziwe."

"Anthu aziganiza kuti mukuimba, Mami."

"Mawuwo ndi anga. Sindinabwereke kwa munthu."

"Malume sangalole. Amati chimene chikutuluka mu sipika chizikhala chimene chikuchitika pa nsanja."

"Malume ako ndimawadziwa. N'chifukwa chake ndikuuza iwe. Ndiwauza kuti madzulo ano ndikufuna iwe pa mikisa, iwo ayang'anire masipika. Sakana, ayesa ndakukonda."

Wa kiyibodi anatulutsa foni yake m'thumba n'kuigwira m'manja kuti Kafupi aione.

"Ukakana," anatero, "ine ndikuimbira anthu aja. Iwo safunsa mafunso."

Panja panamveka galimoto ikuima, chitseko chake n'kumenyetsedwa. Kenako mawu a malume anadutsa m'holo monse, opanda maiki.

"Kafupi ali kuti? Mikisa wasiyira ndani?"

Kafupi anatembenukira kuchitseko. Wa kiyibodi sanasunthe.

A Mami anamutambasulira foni ija.

"Malume ako akuitana, mwanawe. Undiyankhe kaye ine."